Maring'i a pisitoni a njinga yamoto

Maring'i a pisitoni ndi tizitsulo tozungulira ngati zibangili timene timavekedwa pa pisitoni ya injini. Timakhala m'tingalande togobedwa mozungulira mutu wa pisitoni, timene amakaniko amatitcha ma groove. Ntchito ya maring'i ndi kutseka mpata umene umatsala pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda, kuti mpweya woyaka usathawire pansi komanso kuti oyilo asakwere kumene petulo amayakira. Njinga zamoto zambiri za kabaza zimene zimayenda mu mzinda wa Lilongwe zili ndi silinda imodzi, pisitoni imodzi ndi maring'i atatu.

Pongoiyang'ana, ring'i imaoneka ngati ndi yofanana mbali zonse ziwiri, koma maring'i ambiri ali ndi kumwamba ndi kunsi. Ring'i yoikidwa chozondoka imachititsa kuti injini imene yangomangidwa kumene izifuka utsi ndi kumwa oyilo ngati yakale, ndipo palibe njira ina yoikonzera koposa kumasulanso injiniyo.

## Mbiri

Pa injini zoyamba zoyendera nthunzi, mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda unkatsekedwa ndi zingwe za ulusi zimene ankazikulunga pa pisitoni. Zingwezo zinkatha msanga ndipo nthunzi inkadutsa. Mu 1852, John Ramsbottom, katswiri wa za sitima zapamtunda wa ku England, anapanga ring'i yachitsulo yodulidwa pamalo amodzi. Ring'iyo ankaipanga yokulirapo pang'ono kuposa bowo la silinda, kotero kuti ikafinyidwa n'kulowa m'kati inkadzikankha yokha kukhoma. Maring'i a masiku ano amagwirabe ntchito motsatira nzeru imeneyi.

Injini ya four-stroke, imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaipanga mu 1876, inatengera maring'i a mtundu womwewo. Mu 1975 kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa njinga ya CG125, imene inakonzedwa kuti izipirira m'mayiko amene misewu yake ndi yoipa ndiponso kumene njinga sizikonzedwa pafupipafupi. Makampani ambiri a ku China anatengera injini imeneyi, ndipo njinga zambiri zotchipa zimene zimagulitsidwa m'Malawi zili ndi injini ya banja lomweli.

## Ntchito ya maring'i

Pisitoni imapangidwa ndi aluminiyamu, pamene khoma la silinda nthawi zambiri limakhala la chitsulo cha cast iron. Aluminiyamu akatentha amafufuma kwambiri kuposa chitsulo. Pa chifukwa chimenechi pisitoni imapangidwa yocheperako pang'ono kuposa bowo la silinda, kuti isamatirire injini ikatentha. Mpata wotsalawo ndi umene maring'i amatseka, ndipo amagwira ntchito zitatu.

Yoyamba ndi kusunga kompuleshoni. Pisitoni ikamakwera imafinya mpweya wosakanikirana ndi petulo, ndipo pulagi ikayatsa, mphamvu ya motowo imaikankhira pansi. Mpweya ukamadutsa m'mbali mwa pisitoni, njinga imachepa mphamvu ndipo imavuta kuliza.

Yachiwiri ndi kupala oyilo. Khoma la silinda limafunika oyilo wochepa kuti pisitoni iziyenda bwino, koma wotsala ayenera kubwerera pansi m'injini.

Yachitatu ndi kuchotsa kutentha. Gawo lalikulu la kutentha kwa mutu wa pisitoni limadutsa m'maring'i kupita kukhoma la silinda, kenako kumapiko a buloko amene amazizira ndi mphepo njinga ikamayenda.

Zonsezi zimachitika mothamanga kwambiri. Injini ikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, pisitoni imakwera ndi kutsika maulendo 100 pa sekondi iliyonse.

## Maring'i atatu a injini ya four-stroke

Ring'i yapamwamba imakhala m'ngalande yoyamba, pafupi ndi mutu wa pisitoni. Ndi imene imakumana ndi moto ndipo imasunga kompuleshoni yambiri. Mpweya woyaka umalowa kumbuyo kwake n'kuikankhira kukhoma, motero imatseka kwambiri pa nthawi imene mphamvu yachuluka. Pa njinga zambiri nkhope yake yakunja imakutidwa ndi chrome, choncho imanyezimira.

Ring'i yachiwiri nthawi zambiri imakhala yakuda kapena yotuwa. Imathandiza kusunga kompuleshoni, koma ntchito yake yaikulu ndi kupala oyilo amene wadutsa ring'i ya pansi. Imeneyi ndi imene imabweretsa vuto lalikulu ikatembenuzidwa.

Ring'i ya oyilo imakhala m'ngalande yachitatu, imene ndi yotakasuka ndipo ili ndi timabowo tobwezera oyilo m'kati mwa pisitoni. Pa njinga zambiri ring'i imeneyi ili ndi zidutswa zitatu: kachitsulo kopindikapindika ka pakati kotchedwa expander, ndi tizitsulo tiwiri topyapyala, kena pamwamba pake kena pansi pake.

Ring'i yapamwamba ndi yachiwiri zimatha kukhala zofanana makulidwe, kotero kuti iliyonse imakwana m'ngalande ya inzake. Kuzisinthanitsa ndi kulakwitsa kwina kumene kumachitika kawirikawiri.

## Chifukwa chake ring'i ili ndi kumwamba ndi kunsi

Nkhope yakunja ya ring'i yachiwiri siyoongoka. Imasemedwa mopendekeka pang'ono, kotero kuti m'mphepete mwake mwa pansi ndi mmene mumakhudza khoma la silinda. Kupendekekako ndi kochepa kwambiri, digiri imodzi kapena ziwiri, ndipo maso sakuona bwino. Pisitoni ikamakwera, ring'i imatsetsereka pamwamba pa oyilo. Ikamatsika, m'mphepete mwakuthwamo mumapala oyilo n'kumutsitsa, monga mmene khasu limapalira dothi likamakokedwa kubwera kwa wolima. Maring'i ena achiwiri ali ndi kampata kogobedwa m'munsi mwa nkhope yakunja, kamene kamasonkhanitsa oyilo wopalidwayo. Mtundu umenewu umatchedwa Napier.

Ring'i yotere ikaikidwa chozondoka, ntchito yake imatembenukanso. Imatsetsereka pa oyilo potsika, n'kumupala pokwera. Ndiye kuti pa ulendo uliwonse wa pisitoni imanyamula oyilo kupita naye kumoto.

Maring'i ena ali ndi m'mphepete mosemedwa chakum'kati. Kusemako kumachititsa kuti ring'i ipotoke pang'ono ikafinyidwa m'silinda, n'kukhala bwino m'ngalande mwake. Ring'i yotereyi ikatembenuzidwa imapotokera kolakwika ndipo sitseka bwino.

Mawu akuti kumwamba pano akutanthauza mbali yoyang'ana kumutu wa pisitoni ndi kuhedi ya injini. Pa njinga zazing'ono za 100cc ndi 110cc zimene silinda yake inagona choloza kutsogolo, kumwamba kwa ring'i ndi mbali yoyang'ana kutayala lakutsogolo.

## Zizindikiro za pa ring'i

Opanga maring'i amadinda chizindikiro pafupi ndi pamene ring'i inadulidwa. Lamulo lake ndi limodzi: mbali imene ili ndi chizindikiro imayang'ana kumwamba. Chizindikirocho chimatha kukhala mawu akuti TOP, kadontho, kapena zilembo monga T, R, N ndi RN. Zina mwa zilembozi zimaimira makampani a ku Japan opanga maring'i, monga Riken ndi Nippon Piston Ring. Pa maring'i ena pamakhala 1 kapena 2 pamodzi ndi chilembo, kusonyeza ngati ndi yapamwamba kapena yachiwiri.

Manambala monga 25, 50, 75 ndi 100 amasonyeza kuti ring'iyo ndi ya silinda imene bowo lake linakulitsidwa ndi 0.25, 0.50, 0.75 kapena 1.00 mm. Manambala amenewa amadindidwanso mbali ya kumwamba.

Zilembozi ndi zazing'ono ndipo nthawi zina zimabisika ndi mafuta amene opanga amapaka kuti ring'i isachite dzimbiri. Makaniko amayamba wapukuta ring'i n'kuiyang'ana padzuwa kapena ndi tochi.

Ring'i ikakhala yopanda chizindikiro, maonekedwe ake ndi amene amatsogolera. Kampata kogobedwa kunja kamayang'ana pansi. Ring'i yapamwamba yosemedwa chakum'kati nthawi zambiri imaikidwa kosemedwako kukuyang'ana kumwamba. Kupendekeka kwa ring'i yachiwiri kumaoneka poigunditsa pa chitsulo choongoka n'kuyang'ana kumene kuwala kukudutsa: mbali imene ikukhudza chitsulocho ndiyo ya pansi. Ring'i yakale imathandizanso, chifukwa yachiwiri imene inali bwino imakhala ndi mzere wonyezimira m'munsi mwa nkhope yake. Ring'i yopanda chizindikiro, yopanda kusemedwa ndiponso yosapendekeka imatha kuikidwa mbali iliyonse. Tizitsulo tiwiri topyapyala ta ring'i ya oyilo nthawi zambiri tilibe kumwamba ndi kunsi. Pepala la m'paketi kapena buku la njingayo likanena zosiyana ndi izi, bukulo ndi limene limatsatidwa.

## Kuyeza

Maring'i amagulidwa motsatira kukula kwa bowo la silinda. Injini ya CG125 ndi zotengera zake za 125cc zili ndi bowo la 56.5 mm. Zotengera zake za 150cc zili ndi bowo la 62 mm, ndipo injini zambiri za 110cc zili ndi la 52.4 mm. Silinda ikaperepeseka kwambiri imatumizidwa kwa a makina kuti akakulitse bowo, ntchito imene imatchedwa rebore, ndipo pisitoni ndi maring'i zimagulidwa za saizi yatsopanoyo. Amakaniko ena amangogula buloko yatsopano yobwera ndi pisitoni ndi maring'i ake.

Ring'i iliyonse isanavekedwe pa pisitoni imayamba yayezedwa m'silinda. Makaniko amailowetsa m'bowo n'kuikankha ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale yosapendama. Kenako amayeza mpata wa pakati pa nsonga zake ziwiri, umene umatchedwa gapu, pogwiritsa ntchito feeler gauge. Pa injini zazing'onozi gapu ya ring'i yatsopano yapamwamba kapena yachiwiri imakhala pakati pa 0.15 ndi 0.35 mm. Gapu ikachepa, nsongazo zimagundana ring'i ikatentha, ndipo ring'i imathyoka kapena kukala khoma. Gapu yochepa imakulitsidwa ndi fayilo yosalala, popala kuchokera kunja kulowa m'kati kuti chrome isasupuke. Gapu ikakula kwambiri ndiye kuti silinda yatha kapena maring'iwo si a saizi yake.

Tingalande ta pisitoni timayamba tachotsedwa mwaye wouma. Chida chodziwika pa ntchitoyi ndi chidutswa cha ring'i yakale yothyoka. Ring'i yatsopano iyenera kuyenda momasuka m'ngalande monse popanda kugwedera. Mpata wa pakati pa ring'i ndi ngalande ukafika pafupifupi 0.1 mm, pisitoniyo imakhala itatha.

## Kaikidwe

Maring'i amavekedwa kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Expander ndi imene imayamba kulowa m'ngalande yachitatu. Nsonga zake ziyenera kungogundana, osakwerana. Zikakwerana, ring'i ya oyilo imataya mphamvu yake yokankhira kukhoma ndipo oyilo amadutsa. Kenako pamalowa kachitsulo kopyapyala ka pansi ndi ka pamwamba.

Pambuyo pake pamabwera ring'i yachiwiri, chizindikiro chili kumwamba, ndipo yomaliza ndi yapamwamba. Maring'i awiriwa amatambasulidwa ndi zala zazikulu kapena ndi pulayazi yake, pang'ono pokha pongokwanira kudutsa mutu wa pisitoni. Ring'i ya cast iron sipindika, imangothyoka. Kuilowetsa mopotokola, nsonga imodzi kenako inzake, kumatha kuisiya yopindika kapena kukala pisitoni.

Magapu satsatana pa mzere umodzi. Mabuku a Honda amanena kuti atalikirane ndi madigiri 120, ndipo magapu a tizitsulo topyapyala tija akhale mamilimita 20 kapena kuposa kuchokera pa gapu ya expander, kena kumanja kena kumanzere. Pa injini ya four-stroke maring'i amayendayenda okha pang'onopang'ono injini ikamagwira ntchito, komabe kuwamwaza poyamba kumathandiza kuti kompuleshoni ikhale yabwino pa kuliza koyamba.

Pisitoni nayo ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Zilembo za IN pamutu pake zimayang'ana kumbali ya kabuleta, pamene EX imayang'ana ku ekizozi. Pa njinga zambiri kamuvi kamaloza ku ekizozi. Poika pini ya pisitoni ndi ma circlip ake, makaniko amatseka pakamwa pa crankcase ndi nsanza yoyera, chifukwa circlip ikagwera m'kati imatha kufuna kuti injini yonse ing'ambidwe.

Pomaliza, khoma la silinda, pisitoni ndi maring'i zimapakidwa oyilo woyera, gasiketi yatsopano imaikidwa, ndipo buloko imatsitsidwa pang'onopang'ono. Kunsi kwa bowo la silinda kunasemedwa motsetsereka kuti maring'i azilowa, ndipo makaniko amafinya ring'i imodziimodzi ndi zala. Buloko ikakana kutsika ndiye kuti ring'i ina yatuluka m'ngalande. Kuimenya ndi hamala kumathyola ring'iyo.

## Injini za two-stroke

Njinga monga Yamaha DT125 ndi AG100, zimene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe akhala akuyendera m'Malawi, zili ndi injini ya two-stroke. Pisitoni yake imakhala ndi maring'i awiri kapena imodzi, ndipo ilibe ring'i ya oyilo chifukwa oyilo amayakira limodzi ndi petulo. Khoma la silinda lili ndi mabowo olowera ndi kutulukira mpweya. Kuti nsonga za ring'i zisakole m'mabowowo, m'ngalande iliyonse muli kapini kamene kamaletsa ring'i kuzungulira, ndipo nsonga za ring'i zinasemedwa kuti zikumane pa kapiniko. Ring'i ikatembenuzidwa, kusemako sikugwirizana ndi kapini, ndipo ring'i imathyoka buloko ikamatsitsidwa. Maring'i ena a two-stroke ndi a mtundu wa keystone, opendekeka mbali ya kumwamba, ndipo sakhala bwino m'ngalande akaikidwa chozondoka.

## Zizindikiro za ring'i yoikidwa molakwika

Chizindikiro chachikulu ndi utsi wabuluu ku ekizozi umene sukutha ngakhale injini yayenda masiku angapo. Oyilo amatsika msanga, pulagi imada ndi kunyowa, ndipo mutu wa pisitoni umadzaza mwaye. Utsi wakuda ndi vuto lina: umasonyeza kuti kabuleta ikupereka petulo wambiri kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka. Kanthunzi koyera ka m'mawa wa June ndi July, kamene kamatha injini ikatentha, si vuto.

Vuto la ring'i yachiwiri yozondoka limasokoneza chifukwa kompuleshoni imatha kukhala yabwinobwino. Ring'i yapamwamba imakhala ikugwira ntchito yake, njinga ikulira msanga ndiponso ikukoka, koma oyilo akutha. Zikatero anthu amayamba kukayikira ma seal a mavalavu kapena mtundu wa oyilo. Ma seal otha nthawi zambiri amafukitsa utsi poliza njinga imene inaima nthawi yaitali, pamene maring'i amafukitsa kwambiri njinga ikapatsidwa moto.

Poyeza kompuleshoni ndi geji, makaniko amatha kuthira kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera kwambiri, vuto lili ku maring'i kapena kukhoma la silinda. Ikapanda kusintha, vuto lili ku mavalavu kapena ku gasiketi ya hedi. Mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, motero geji imaonetsa nambala yotsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi ya m'buku, ngakhale injini ili bwino.

Injini ya CG125 imanyamula oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi yokha. Oyilo akamapsa tsiku ndi tsiku popanda wowonjezera, amatha msanga, ndipo pisitoni imatha kumatirira kapena ma bearing a crankshaft kuwonongeka.

## Ku Lilongwe

Lilongwe, imene inakhala likulu la Malawi mu 1975, ndi mzinda womwazikana. Old Town, kumene kuli msika waukulu ndi depoti ya mabasi, ili pa mtunda wa makilomita angapo kuchokera ku City Centre ndi Capital Hill. M'madera a nyumba zotalikirana monga Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, maminibasi salowa m'misewu yambiri. Alonda, ogwira ntchito m'nyumba ndi ogulitsa malonda ochokera ku Kauma, Mtandire ndi Chinsapo amadalira kabaza kuti afike kumeneko. Kabaza inayamba ndi njinga zakapalasa, ndipo njinga zamoto zinachuluka m'zaka za m'ma 2010. Zina mwa zimene zimaoneka m'misewu ndi Lifo, King Lion, Bajaj Boxer ndi TVS.

Njinga ya kabaza imagwira ntchito kuyambira m'mamawa mpaka usiku, nthawi zambiri itanyamula katundu wolemera. M'nyengo yopanda mvula, kuyambira May mpaka October, misewu yadothi imakhala ndi fumbi lambiri. Fumbi likadutsa fyuluta yong'ambika kapena yosatsukidwa limasakanikirana ndi oyilo n'kupala maring'i ndi khoma ngati sandipepala. N'chifukwa chake kusintha maring'i ndi imodzi mwa ntchito zofala kwa amakaniko a njinga.

Masipeya amagulitsidwa m'mashopu a ku Old Town, makamaka chakumsika ndi mumsewu wa Malangalanga, ndipo magalaja ambiri ali ku Biwi Triangle. Njinga zambiri zimakonzedwa panja, pakhonde la shopu kapena pansi pa mtengo, popanda buku la njingayo. Maring'i ena otchipa amabwera opanda pepala la malangizo, ndipo zizindikiro zake zimakhala zosaoneka bwino. Amakaniko ena anaphunzira ntchito m'masukulu monga Lilongwe Technical College ndi makoleji ena amene ali pansi pa TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, koma ambiri anaphunzira pothandiza makaniko wamkulu.

Oyendetsa kabaza ambiri amayendetsa njinga ya munthu wina ndipo amapereka ndalama yogwirizana kwa mwini wake tsiku lililonse kapena pa sabata. Ring'i imodzi yozondoka imatanthauza kugula gasiketi zina, oyilo wina ndipo mwina maring'i ena, kulipiranso makaniko, komanso tsiku lina njinga itaima osabweretsa ndalama.

## Injini ikangomangidwa

Maring'i atsopano amafunika nthawi kuti agwirizane ndi khoma la silinda. Khoma lakale losalala ngati galasi limayamba lakalidwa timizere topingasana ndi chida chotchedwa hone. Timizereti timasunga oyilo ndipo timathandiza maring'i kukhazikika. Pa makilomita 500 mpaka 1,000 oyamba, njinga siyenera kuthamangitsidwa mpaka pamapeto, kunyamula katundu wolemera kwambiri, kapena kusiyidwa ikulira nthawi yaitali itaima, chifukwa injini yozizira ndi mphepo imatentha ikakhala pamalo amodzi. Oyilo woyamba amasinthidwa msanga, pa makilomita pafupifupi 500, chifukwa amakhala ndi tizidutswa ta chitsulo. Utsi wochepa pa kuliza koyamba umachokera ku oyilo amene anapakidwa pomanga, ndipo umatha pakapita mphindi zochepa. Utsi wabuluu ukapitirira nthawi yonseyi, hedi ndi buloko zimachotsedwanso kuti maring'i aonedwe.